Khadi la Singano

1

Anthu akamva kuti ndinkagwira ntchito yopanga gemu ya makhadi ya pa foni amaseka, amati imeneyo si ntchito koma masewera. Kale ndinkaseka nawo. Pano ndinaleka, chifukwa masewera omwewo ndi amene anandilekanitsa ndi mng'ono wanga wa bere limodzi. Ndikuuzani zonse, koma mundilole ndiyambire ku ofesi, kumene ankandiyesa munthu wanzeru.

Kampani yathu inali yaing'ono, anthu khumi ndi anayi m'chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya matayala. Fungo la labala linkakwera nafe masitepe m'mawa uliwonse. Gemu yathu inkayenda chonchi: wosewera amatolera makhadi pang'onopang'ono, n'kusankhapo makumi atatu kuti akhale mulu wake, kenako n'kupikisana ndi mulu wa munthu wina pa intaneti. Khadi lililonse lili ndi mphamvu yake, lina loteteza, lina lomenya, lina lochiritsa. Munthu watsopano sadziwa kusankha, ndiye tinkamupatsa mulu wokonzeratu, umene tinkautcha mulu woyambira.

Vuto linali pamenepo. Mulu wathu woyambira unali ngati njinga yopanda mabuleki. Atsopano ankalowa ndi chimwemwe, akatswiri n'kuwasasantha katatu kapena kanayi, iwo n'kufufuta gemu osabweranso.

Lolemba lina bwana anatisonkhanitsa tonse.

"Mwa anthu khumi olowa, asanu ndi awiri akuthawa sabata isanathe," anatero. "Ndikufuna mulu watsopano mwezi uno. Ndalengezanso kunja kuti aliyense wobweretsa mulu wabwino ndimupatsa mpando m'chipinda muno." Anayang'ana desiki langa pang'ono. "Ndipo mipando sitiwonjezera."

Ndinamva bwinobwino. Mulu wakalewo ndinaupanga ndine.

Patatha masabata atatu ndinapereka kwa bwana mulu wa makhadi makumi atatu, pamodzi ndi masamba asanu ndi limodzi ofotokoza ntchito ya makhadiwo. Unali mulu wofatsa. Sunkafuna chala chothamanga kapena mutu wokumbukira zambiri, ndipo ukalakwitsa unkakupatsa mpata wodzuka. Tinauika mu gemu. Mwezi wotsatira atsopano anayamba kukhazikika, ena mpaka kuitana anzawo. Bwana anandigwira chanza pamaso pa onse n'kundikweza kukhala mkulu wa gawo lathu.

Mnzanga wa desiki loyandikana nalo, amene tinkamutcha Mandevu, anandifunsa tikumwa tiyi.

"Zonse ndazimvetsa, koma khadi la Singano likutani m'mulumu? N'lofooka kuposa onse. Palibe katswiri amene amalikhudza."

"Lili ndi ntchito yake," ndinatero.

"Ntchito yanji? M'masamba ako aja mulibemo."

Ndinati ndaiwala, n'kudzuka tiyi ndisanamalize.

2

Bambo anga anali telala kwa zaka makumi anayi. Sitiroko inawagwira ali pamakina. Dzanja lamanja linafa, pakamwa panapindika pang'ono, ndipo mawu ankatuluka mochedwa ngati akuwakoka m'chitsime. Mayi anali atatisiya kale. Ine ndinkakhala mbali ina ya tauni, ulendo wa mabasi awiri. Mng'ono wanga, amene bambo ankamutcha Chitsiriza poti ndiye womaliza kubadwa, anasiya kosi yake ya zojambulajambula n'kubwerera kunyumba. Ndiye ankawasambitsa, kuwameta, kuwaduladulira chakudya. Ine ndinkangofika Loweruka ndi jumbo ya malalanje.

Nditakwezedwa ndinayamba kudumphitsa masabata. Tsiku limene ndinapitako ndinawapeza atakhala pawindo, pafupi ndi makina awo ovundikira ndi nsalu. Katebulo ka patsogolo pawo kanali kopanda kanthu.

"Abwana afika," anatero, akumwetulira mbali imodzi. "Tigwade kapena tingoimirira?"

"Musandinyoze, Ababa."

Chitsiriza anatuluka m'khitchini manja ali onyowa. Anali ataonda, diresi likumulendewera m'mapewa.

"Tamva kuti mwakwezedwa, achemwali. Tasangalala nanu."

Ananena zochokera pansi pa mtima, ndipo ine ndinalephera kumuyang'ana.

Titadya, bambo anagogoda katebulo kaja ndi dzanja lamanzere.

"Chitsiriza, nanga masewera athu aja?"

"Ndatopa, Ababa. Mawa."

"Dzulo unatinso mawa."

Chitsiriza anatola mbale n'kulowa m'khitchini. Bambo anatembenukira kwa ine.

"Masana aliwonse tinkasewera makhadi ake a katoni. Ndinkamugonjetsa ndi dzanja limodzi lomweli. Pano akundikana. Tamufunsa, mwina ndinamulakwira penapake."

"Wangotopa, Ababa."

Ndinayamba kusenda lalanje limene palibe anandipempha. Kenako ndinamutsatira Chitsiriza kukhitchini.

"Ndikupezere munthu woti azikuthandiza?" ndinafunsa.

"Ayi, ndikwanitsa." Anapitiriza kutsuka poto osatembenuka. "Izi zokha ndiye ndimatha."

Foni yake inali pashelefu pafupi ndi mchere. Ndinaisuzumira mwakabisira, n'kuona kuti gemu yathu, imene kale ankaikonda kwambiri, anali ataifufuta. Mulungu andikhululukire, mtima wanga unakhala pansi.

3

Lachiwiri lililonse kunyumba kunkabwera mayi wa mafizo, wowongola bambo dzanja ndi mwendo. Sindinkadziwa kuti mayiyo ankasewera gemu yathu akamadikira basi.

Lachinayi lina m'mawa foni yanga inaitana. Anali bambo. Sankakonda kuimba chifukwa cha kuchedwa kwa mawu awo.

"Loweruka ubwere m'mawa. Nthawi imene mng'ono wako amapita kumsika."

"Kwagwanji, Ababa?"

"Ubwere."

Ndinawapeza okha, atavala malaya oyera, foni ili pakatebulo.

"Mayi wa mafizo wandiikira gemu yanu," anatero. "Akuti chala chizilimba. Khala apa. Tsegula mulu umene mumapatsa atsopano. Iwe uziyang'ana, ine ndizitchula."

Anatseka maso.

"Alonda atatu. Zipata ziwiri. Anamwino awiri. Mlatho umodzi. Nyali zitatu."

Anapitiriza choncho, liwu lililonse akulikoka movutikira, malovu akutsika kumbali ya pakamwa. Ndinkafuna kuwaletsa koma ndinapitiriza kutsatira makhadiwo pa foni. Anafika pa makumi awiri mphambu asanu ndi anayi osaphonya ngakhale limodzi.

"Ndi Singano imodzi," anamaliza, n'kutsegula maso. "Ukudziwa chifukwa chake ilimo?"

Ndinapukusa mutu.

"Ilibe ntchito. Ndinamupempha ndine. Ndinati telala sangapite kunkhondo wopanda singano. Anaseka, n'kuchotsa khadi lamphamvu kuti aikemo yangayo."

Anakoka foni ija n'kuloza pansi pa galasi lake ndi chala.

"Apa alemba kuti wopanga ndiwe."

4

Tsopano ndinene chimene ndakhala ndikuchizungulira.

Chitsiriza anayamba kusewera gemu yathu tsiku lomwe inatuluka, pofuna kundilimbikitsa ine. Bambo atadwala n'kumangokhala duu pawindo, iye anaganiza zowaphunzitsa. Nthawi imeneyo chala chawo chinali chisanathe kugunda pa foni, ndiye anatola makatoni a sopo ndi a mankhwala, n'kuwadula ndi sizasi ya bambo yomwe, n'kujambulapo makhadi akuluakulu. Kwa theka la chaka ankasintha muluwo. Akaona kuti khadi lina likuwasokoneza ankalichotsa. Akaona kuti lina likuwaseketsa ankalisiya. Zonsezi ankalemba m'kope lobiriwira.

Za chilengezo cha bwana anazimva kwa ine ndemwe, ndikudandaula patebulo. Sindinamuuze kuti mpando umene ankanenawo unali wanga. Ndikutsanzika, anandithamangira pageti ndi kope lija atalikulunga m'pulasitiki.

"Mukawapatse abwana anu, achemwali. Mwina angandilole kumagwira ntchito ndili kunyumba konkuno, Ababa ndikuwaona."

Ndinaliwerenga m'basi yoyamba. Pofika m'basi yachiwiri ndinali nditadziwa kuti zimene zinali m'kopemo zinkaposa chilichonse chimene ine ndinapangapo. Ndinali nditayesa milu isanu ndi umodzi, yonse yolephera. Kopelo linagona m'dilowa yanga sabata yathunthu. Kenako ndinalitulutsa, n'kutaipa zonse pa kompyuta. Sindinasinthe khadi ngakhale limodzi, poopa kuwononga chimene sindinkachimvetsa. Ndinangosintha dzina.

Loweruka lotsatira anandichingamira pakhomo maso akuwala.

"Aona?"

"Aona," ndinatero. "Akuti n'zachibwana. Akuti n'zosangalatsira odwala, si za gemu yeniyeni."

Mawu amenewo palibe bwana amene anawanena. Ndinawakonza ndekha m'basi, ndipo ndinasankha opweteka dala kuti asadzafunsenso. Iye anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Chabwino, ndinangoyesa." Atafunsa za kope ndinati abwana sanandibwezere.

Zonsezi ndinawaululira bambo m'mawa umenewo, nditagwada pafupi ndi mpando wawo. Sanakalipe. Anangopukuta pakamwa ndi kansalu, n'kuyang'ana panja.

"Ine sindimuuza," anatero. "Ndikamuuza ine, ataya mkulu wake yense. Ukamuuza iwe, mwina atsala naye pang'ono."

"Ndimuuza, Ababa."

"Liti?"

"Posachedwa. Ndikufuna ndipeze nthawi yabwino."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu, mwana wanga."

Geti linalira panja. Bambo analowetsa foni pansi pa nsalu ya makina, n'kunditambasulira mkono kuti ndiwamange batani la malaya. Chitsiriza polowa ndi dengu anatipeza choncho, ndipo anamwetulira poona kuti ndikuthandiza.

5

Loweruka loyamba ndinamupeza Chitsiriza mutu ukumupweteka, atamanga kansalu pamphumi. Ndinati si lero.

Loweruka lachiwiri ndinanyamula kope lija m'chikwama, nditalumbira kuti sindibwerera nalo. Nditangofika anandipatsa siketi yanga imene ndinaisiya kumeneko itang'ambika. Anali ataisoka ndi manja, mwaukhondo, ulusi osaoneka.

"Munthu wokwezedwa asamayende ndi zong'ambika," anatero.

Ndinathokoza, chikwama ndikuchipanira kukhwapa. Potsanzika bambo anandiyang'ana, n'kukweza nsidze imene inkagwirabe ntchito. Ndinapukusa mutu. Anatembenukira kuwindo osandipatsa dzanja.

Loweruka lachitatu sindinapite n'komwe. Ndinatumiza uthenga kuti ntchito yachuluka.

Lachitatu masana, tili pamsonkhano, foni yanga inanjenjemera patebulo.

"Achemwali, Ababa agwa. Tili pa ulendo wa kuchipatala."

Anagona masiku awiri osatsegula maso, machubu ali m'mphuno. Chitsiriza ankawanyowetsa milomo ndi thonje, kuwatembenuza, kuwauza nkhani za anthu oyandikana nawo ngati akumva. Atatuluka kukalankhula ndi dokotala, ndinawerama pakhutu pawo.

"Ndimuuza, Ababa. Ndithu ndimuuza."

Chifuwa chinkangokwera ndi kutsika. Lachisanu madzulo, dzuwa lidakalipo, chinaleka.

6

Patatha sabata chiikireni maliro, tinayamba kulongedza za m'chipinda mwawo. Abale anali atabwerera kwawo, m'nyumba munali zii. Ine ndinkapinda malaya. Chitsiriza anakwera pampando n'kutsitsa bokosi la nsapato limene linali pamwamba pa wodilopu. Atalitsegula anakhala pansi pomwepo, pasimenti.

Anali makhadi a katoni aja, m'mphepete mwake mutafewa ndi kugwiridwagwiridwa. Kumbuyo kwa ena kunkaonekabe zilembo za sopo.

"Ankandipempha tsiku lililonse," anatero motsitsa mawu. "Miyezi inayi, achemwali, ine ndikuwakana. Ndikaona makhadiwa ndinkamva mawu a abwana anu aja. Ndinkadziona chitsiru, munthu wamkulu kumadula makatoni n'kumaganiza kuti ndi nzeru. Ndiye ndinawabisa pamwamba apa, poti sangafikire."

Misozi inkagwera m'bokosimo.

"Masabata omalizawa ndiye anachita kunyanya. Ankati, 'Makhadi ako ndi abwino, Chitsiriza, ndikudziwa chimene ndikunena.' Ndinkaona ngati akungonditonthoza. Lachiwiri lomwe lija, mawa lake n'kugwa, anati, 'Kamodzi kokha.' Ndinati mawa." Anandiyang'ana. "Mukuganiza kuti anandikhululukira?"

Ndinaika malaya pabedi. Ndinatsegula chikwama, n'kutulutsa kope lobiriwira, n'kuliika pamiyendo pake. Kenako ndinakhala pansi moyang'anizana naye n'kumuuza zonse, kuyambira m'basi mpaka pa chanza cha bwana. Sanandidule mawu. Misozi inauma ndikulankhula.

"Ndiye mulu umene akusewera anthu atsopano pano ndi uwu?" anafunsa.

"Ndi womwewo."

"Abwana anu anaukonda?"

"Kwambiri. Ndi umene anandikwezera."

"Nanga mawu aja ananena ndani?"

"Ndine."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene akumva za ngozi ya kutali.

"Ababa ankadziwa?"

"Masabata omalizawa. Anati ndikuuze ndekha."

Anasisita chikuto cha kope ndi chala.

"Mukanangoba, achemwali," anatero. "Mukanangotenga ntchitoyo. Ndikanalira sabata imodzi n'kuiwala, poti ndinu mkulu wanga ndipo mumaopa kuchotsedwa. Koma bwanji munandiuza kuti n'zachibwana?"

"Kuti usafunsenso."

"Sindinafunsensodi."

Anabwezera makhadi m'bokosi limodzilimodzi, n'kuika kope pamwamba, n'kutseka.

"Malaya otsalawo ndipinda ndekha. Mukamatuluka mukokere geti."

7

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya bwana ndisanakhale n'komwe padesiki. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuvula magalasi.

"Ukudziwa kuti sungapitirize kuno," anatero.

"Ndikudziwa, bwana."

Tsiku lomwelo anachotsa dzina langa pansi pa mulu woyambira n'kuikapo la mng'ono wanga. Anamulembera kalata yomupempha kuti adzatenge mpando uja, ndipo anati angathe kumagwira ali kunyumba ngati akufuna. Mandevu ndi amene anadzandiuza yankho lake. Linali la mzere umodzi: "Ndinapangira munthu mmodzi, ndipo munthuyo kulibe."

Papita chaka tsopano. Ine ndimaphunzitsa anthu kutaipa pa kasukulu kena ka makompyuta kuseri kwa depoti. Chitsiriza amagwira ntchito pa shopu yolemba zikwangwani, ndipo ndimamva kuti eni masitolo amachita kumufuna iyeyo. Lamulungu lililonse ndimamuimbira. Nthawi zina amayankha. Timafunsana za moyo, za mvula, za denga limene likudontha, mphindi imodzi n'kutha. Sananditukwanepo, ndipo sananenepo kuti wandikhululukira. Kawiri ndinamupempha kuti tipitire limodzi kumanda. Anati amakonda kupita yekha.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina mukuti nkhani ya makhadi a pa foni siyoyenera misozi yonseyi. Nanenso ndinkadziuza choncho m'basi muja, kuti ndi gemu chabe, palibe amene afe. Koma nkhalamba ija inali itatsala ndi chosangalatsa chimodzi chokha masana, ndipo ine ndinachichotsa patebulo pake ndi mawu anga ochepa, ndili kutali, osakhudza ngakhale khadi limodzi. Chimene ndinaba chinabwezedwa tsiku limodzi, bwana atangosintha dzina. Bodza limene ndinavundikira nalo ndi limene linadya miyezi inayi ya bambo ndi mwana wawo, ndipo imeneyo palibe ofesi imene ingaibweze.

Ngati pali m'bale wanu amene anakupatsirani chinthu chake m'manja mokukhulupirirani, inu n'kumubwezera mawu omufooketsa chifukwa cha mantha anu, pitani mukamuuze kuti munanama. Musadikire tsiku loti mutu sukumupweteka, kapena loti sanakuchitireni chabwino chilichonse. Tsiku limenelo ine ndinalidikira, ndipo m'malo mwake kunabwera foni ya kuchipatala.

Akuluakulu amati chibale n'chipsera, sichipola. Kale ndinkamva ngati mawuwa ndi otonthoza, oti m'bale sangakutaye. Pano ndikudziwa kuti chipsera chimakhalanso chokumbutsa pamene moto unadutsa. Mng'ono wanga sananditaye, koma akamalankhula nane amasamala ngati munthu woyenda pafupi ndi mbaula. Ndilibe ufulu womufulumiza. Lamulungu likubwerali ndimuimbiranso, ndipo akapanda kuyankha ndidikira linalo.